Makope Obiriwira a Sitandade 6

Ntchito yoyamba pa tsiku lotsegulira sukulu inali kupukuta fumbi. Sukuluyo inali ya kampani ya simenti, inamangidwa kuseri kwa mpanda wa fakitale, ndipo pa holide fumbi loyera linkalowa ngakhale mawindo ali chitsekere. Mwana akaponya buku pa desiki, fumbi linkati fuu m'mwamba, kalasi yonse n'kuyamba kutsokomola.

Mphunzitsi wa Sitandade 6 anali mayi amene anakhala pa kalasi yomweyo zaka khumi ndi zinayi. Pamaso ana ankawatchula Madamu, koma kumbali ankati a Mpumiro, chifukwa mwana akaiwala kadontho kumapeto kwa chiganizo ankamufunsa kuti, "Iwe, ukuthamangira kuti osapuma? Akukuthamangitsa ndani?" Dzinalo ankalidziwa, ndipo silinkawanyansa.

Fumbi litachepa, Madamu anamata mapepala atatu pakhoma: la malamulo a m'kalasi, la osesa, ndi ndandanda ya maphunziro. Ana makumi anayi ndi atatu anakhala chete, mayunifolomu akadali ndi mizere ya simbi.

"Belu loyamba, pamzere. Belu lachiwiri, m'kalasi, ndiitane maina. Masamu ndi oyamba tsiku lililonse, mitu isanatenthe. Teremu ino tili ndi mafulakishoni ndi madesimo. Ku sayansi tiona mmene munthu amapumira, kuyambira mphuno mpaka mapapo. Ku kulemba tiphunzira kalata, chimangirizo, ndi mitengero, tizizindikiro tija timaika pa mawu amene munthu wayankhula. Pali funso?"

Dzanja linali kale m'mwamba. Anali mwana wa achimwene awo, kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi kamene aliyense ankakatchula Wailesi, chifukwa kakayamba kuyankhula panalibe pozimitsira.

"Azakhali..."

"Muno mulibe azakhali ako."

"Madamu, apo palembedwa Nkhani za Kunyumba, ndi chiyani? A Sitandade 6 a chaka chatha analibe zimenezo."

Phunzirolo linalidi latsopano. Madamu nawonso analimva koyamba Lachisanu lapitalo, pa msonkhano wa aphunzitsi. Ahedi anabwera ndi mlendo wochokera ku ofesi ya kampani, mkulu woona za ogwira ntchito, bambo woyankhula motsitsa ndi womwetulira. M'tauni imene ngakhale nkhuku zinkayenda zitatuwa, nsapato zake zinkawala ngati zangotuluka m'sitolo, choncho anthu ankangomutchula kuti Ansapato. Anati kampani ikudandaula kuti ana ambiri amamaliza pulaimale osatha kulemba ndime imodzi yomveka. Ndiye ipereka makope aulere, mwana aliyense lake. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ana azilemba mphindi makumi awiri za moyo wawo wa kunyumba. Mitu izichokera ku ofesi mu envulopu. Lachisanu makope azipita m'katoni kuti akatswiri aone mmene ana akupitira patsogolo, Lolemba azibwerera. Wolemba bwino koposa adzapeza malo ku sekondale ya kampani popanda mayeso.

Madamu anaomba m'manja limodzi ndi anzawo tsiku limenelo. Zaka zonsezi ankalira makope, ana ena ankalemba masamu ndi sayansi m'kope limodzi, lina kuyambira kutsogolo lina kuyambira kumbuyo.

Anatsegula katoni nagawa. Makopewo anali a chikuto chobiriwira, pepala lake losalala, tsamba lililonse lili ndi nambala pansi. Ana anayamba kuwanunkhiza.

"Limeneli si lokulungira mtedza," anatero Madamu. "Wong'amba tsamba ndidziwa, manambala andiuza."

Masabata awiri oyamba anayenda bwino. Belu linkalira, maina ankaitanidwa, osesa ankakangana za tsache lothothoka. Mafulakishoni anavuta monga mwa nthawi zonse. Panali mtsikana wina amene anaumirira kuti chigawo chimodzi mwa zinayi n'chachikulu kuposa theka chifukwa folo ndi wamkulu kuposa thuu, mpaka Madamu anadula lalanje pa tebulo n'kumufunsa kuti asankhe. Mitu ya mu envulopu inali yosavuta. Banja lathu. Ntchito imene ndimagwira ndikaweruka. Chiweto chimene ndimakonda.

Koma ana ankalemba mwaulesi, mizere itatu basi, ndipo Madamu sanafune kuti akatswiri a ku ofesi aziti Sitandade 6 ilibe mphunzitsi. Analemba mafunso anayi pamwamba pa bolodi, n'kuletsa wofufuta bolodi kuwakhudza. Ndani? Liti? Kuti? Anati chiyani?

"Musandilembere kuti kunabwera anthu. Anthu ake ati? Alibe nkhope? Musandilembere kuti bambo anakwiya. Anati chiyani atakwiya? Mawu awo enieni, muwaike m'mitengero. Mlembi wabwino amakhala ndi makutu, amamva ngakhale zimene ena akuti sakumva."

Ana anagwira msanga. Sabata yachitatu mizere itatu inasanduka masamba awiri. Envulopu inati: Bambo anga akabwera ku ntchito. Kenako: Zimene akuluakulu amakambirana kwathu. Sabata yachinayi: Alendo amene anabwera kwathu. Madamu ankayenda pakati pa madesiki ana akulemba, osamveka kanthu koma zolembera ndi kulira kwa makina a fakitale kuseri kwa mpanda, ndipo mtima wawo unkakhala m'malo. Makopewo sankawawerenga. Sanali awo ochonga, ndipo pa tebulo pawo panali kale mulu wa masamu ndi sayansi.

Lolemba la sabata yachisanu, poitana maina, mtsikana wa pa desiki ya pawindo sanayankhe. Anali yemwe uja wa lalanje.

"Akudwala?"

"Asamuka, Madamu," anayankha mnzake wokhala naye. "Bambo ake awachotsa ntchito Lachisanu. Dzulo lole yabwera kudzanyamula katundu."

Madamu ankawadziwa bamboyo, dalaivala wa galimoto za kampani, munthu wa nthabwala amene sankaphonya msonkhano wa makolo. Nyumba zonse za m'malaini zinali za kampani. Ntchito ikatha, nyumba inkatha nayo pasanathe masiku atatu. Analemba mzere pa dzina la mwanayo m'kaundula n'kupitiriza.

Katoni ya makope obiriwira inafika nthawi yopuma. Pogawa, la mtsikana wosamukayo linatsala m'manja mwawo. Analitsegula kuti angoona dzanja lake komaliza. Pa tsamba lachisanu ndi chinayi, pansi pa mutu wa Bambo anga akabwera ku ntchito, mwanayo analemba kuti: Bambo amabwera ndi dizilo m'kachigubu. Amati, "Galimoto yakhuta, wotsalayu ndi wa ana anga." Mitengero inali m'malo mwake bwinobwino. Pansi pa chiganizocho panali mzere wa pensulo, wowongoka, wojambulidwa ndi rula.

Madamu anakhala pansi. Pa tsamba lomwelo mwanayo analakwitsa mawu asanu ndi limodzi, n'kuiwala mpumiro kawiri. Palibe chimene chinakonzedwa. Akatswiri a kulemba anadutsa zolakwika zonsezo osaziona, n'kukaima pa dizilo.

Ana atatuluka kukasewera, anatolera makope onse m'madesiki n'kuyamba kuvundukula limodzilimodzi. Ambiri analibe kanthu. Khumi ndi limodzi anali ndi mizere ya pensulo. Amayi anga amagulitsa mowa kuseri kwa nyumba koma amati tisanene. Bambo anati, "Kapitawo wathu ndi mbuzi yovala chipewa." Achimwene anga amagona kwathu ngakhale kuti sanalembedwe ku ofesi ya nyumba. Anawerenga makopewo kawiri. Anali makumi anayi ndi awiri. La Wailesi panalibe.

Belu litalira anamuitana pa tebulo.

"Kope lako lili kuti?"

"Silinabwere, Madamu. Mwina akuliwerengabe. Ndinalemba masamba anayi!"

"Unalemba chiyani?"

Wailesi anaimirira mowongoka, manja kumbuyo, ngati akulakatula pa asembule. Mutu wake unali wakuthwa, sanaiwale kanthu. Lamlungu lililonse masana kunyumba kwawo kumabwera alendo asanu, anzawo a bambo ake: amalume a ku ng'anjo, amalume a magetsi, amalume aatali a ku sikelo, ndi awiri a kolongedza matumba. Amayi amawapatsa tiyi n'kutseka chitseko, iye amakhala pakhonde kusenda mbatata, koma windo silitsekeka bwino. Akulemba kalata yopita ku boma, kwa oona za umoyo, yonena za fumbi ndi chifuwa chimene chapha anthu atatu chaka chino. Amalume a magetsi ndi amene amagwira cholembera. Amalume a ku ng'anjo anati, "Zosefera fumbi zinafa kalekale, amangoziyatsa kukabwera alendo." Amalume aatali anati, "Tikapeza anthu makumi asanu osaina, sangatichotse tonse."

"Ndinaika mitengero ponseponse, Madamu. Ndani, liti, kuti, anati chiyani. Palibe chimene ndinasiya."

"Kakhale pansi," anatero Madamu.

Phunziro lotsatira linali sayansi. Anajambula mapapo awiri pa bolodi, choko chinathyoka kawiri, kenako anauza ana kuti akopere chithunzicho, iwo n'kupita ku ofesi ya ahedi.

Ahedi anali bambo wachikulire, wofatsa, wokonda maluwa a m'zitini amene ankawapukuta masamba m'mawa uliwonse. Madamu anaika kope la mwana wa dalaivala pa tebulo, lotsegula pa tsamba lija. Ahedi analiyang'ana osaligwira.

"Munkadziwa?"

"Madamu, khalani pansi."

"Ndikufunsa ngati munkadziwa."

"Ine anandiuza zimene anakuuzani inu. Zinazo munthu amangoganiza." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi taye. "Choko ichi n'cha kampani. Denga ili n'la kampani. Nyumba imene mukugonamo inu, imene ndikugonamo ine. Ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume. Mukufuna ndikaime pa geti ndikuwe?"

"Ndi ana awa, ahedi. Tikuwatuma kukaotcha nyumba za makolo awo, machesi tikuwapatsa ndife."

"Palibe mwana amene wanama. Dizilo ankabadi." Anabweza magalasi pamphuno. "Mukadapanda kuwaphunzitsa bwino chonchi, bwenzi akulemba za amphaka. Ku Sitandade 7 phunziroli liliponso, koma kumeneko palibe kope limene latsalira ku ofesi."

Mawu amenewo anawalasa Madamu kuposa china chilichonse, chifukwa anali oona.

Ataweruka sanapite kwawo. Anadikira kuti shifiti ya masana ituluke, n'kulunjika ku laini yachitatu kwa achimwene awo. Anawapeza kuseri kwa nyumba akusamba m'manja ndi kumaso pa beseni, madzi atayera ngati mkaka. Anali wowotcherera zitsulo, wamkulu kwa Madamu ndi zaka zinayi, ndipo ndi iwo amene anasiya sukulu kuti mlongo wawo apitirize. Mlamu wawo anali pafupi, akuanula zovala.

"Aphunzitsi atiyendera pakati pa sabata! Mwanayo walakwanso chiyani? Wayankhula mpaka bolodi lagwa?"

Madamu anafotokoza zonse, motsitsa mawu. Achimwene anayamba ndi kuseka, kuti ndani angataye nthawi kuwerenga zolemba za ana. Atamva za dizilo kuseka kunatha. Atamva mawu a mnzawo wa ku ng'anjo akutuluka m'kamwa mwa mlongo wawo ndendende mmene ananenedwera, anakhala pa njerwa, thaulo lili m'khosi.

"Ndimupha mwana ameneyu," anatero mlamu, zovala zili m'manja.

"Simumukhudza," anatero achimwene. "Wachita zimene anamutuma." Sanayang'ane mlongo wawo ponena zimenezo. Anavala malaya n'kutuluka kukachenjeza anzawo.

Lachitatu pa asembule panafika galimoto yoyera. Ansapato anatsika, anapereka moni kwa aphunzitsi mmodzimmodzi, n'kuima pafupi ndi mbendera. Anati wabwera ndi nkhani yabwino. Pa ana onse olemba, pali mmodzi amene waposa anzake kutalitali, mwana wa maso ndi makutu, amene tsiku lina adzakhala mtolankhani. Anaitana Wailesi. Sukulu yonse inaomba m'manja pamene mwanayo ankalandira chikwama chatsopano, bokosi la zolembera, ndi kope lake lobiriwira. Wailesi anayang'ana kwa azakhali ake akumwetulira mpaka m'makutu. Ansapato nawonso anatembenuka.

"Ndipo tiwaombere m'manja aphunzitsi ake."

Lachinayi amuna asanu aja analandira makalata pa geti. Sanaloledwe ngakhale kukatenga makapu awo a tiyi m'kati. Achimwene anadikira yawo tsiku lonse, Lachisanu anadikiranso, koma sinabwere. Loweruka malole anaima pa nyumba zisanu. Lolemba pa bolodi la zidziwitso la fakitale panamatidwa pepala lakuti wowotcherera wa ku laini yachitatu wakwezedwa kukhala kapitawo.

Achimwene sanapemphe udindowo, ndipo anapita ku ofesi kukaukana. Anauzidwa mwaulemu kuti wokana kukwezedwa ndiye kuti ntchito yamukwana. Anabwerera ndi chipewa choyera cha ukapitawo m'manja. M'malaini nkhani inali itatha kale kuweruzidwa: anthu asanu ndi mmodzi ankakumana m'nyumba imodzi, asanu apita, mwini nyumba wakwera. Ankafunanso umboni wanji? Mlamu akafika pa mpopi, amayi ankachotsa ndowa zawo n'kumusiyira mpopi wonse. Achimwene akalowa mu kantini, benchi imene akhalapo inkatsala yawo yokha.

M'kalasi madesiki opanda anthu anafika asanu. Madamu ankaitana maina modumpha mizere, ndipo nthawi zina lilime linkatsogola, n'kutchula mwana amene anapita. Ndandanda ya osesa inasokonekera, Lachiwiri linatsala ndi mwana mmodzi. Wokhala ndi Wailesi anasamukira kumbuyo osapempha. Chikwama chatsopano chija chinapezeka m'ngalande, chodzaza matope.

Tsiku lina ana onse atatuluka, Wailesi anatsala pa desiki yake. Anali atakhala masiku anayi osakweza dzanja.

"Azakhali, ndine?"

Madamu anasiya kufufuta bolodi.

"Amalume a magetsi pokwera lole anandiyang'ana. Sanandibayibitse. Ndi zimene ndinalemba zija?"

Akanatha kunama. Anaganiza zonama, koma mwanayo anali wochenjera kwambiri moti bodza likanangomusiya yekhayekha ndi zimene ankadziwa kale.

"Anawerenga zimene unalemba, inde. Koma amene anakuuza kuti ulembe ndine. Amene anakuphunzitsa kutchera khutu ndine. Mlanduwo ndi wanga, wamva?"

Wailesi sanalire. Anatenga tsache, ngakhale silinali tsiku lake, n'kusesa kalasi yonse.

Lachisanu envulopu inati: Zimene anthu akunena m'laini mwathu. Madamu anaiwerenga, anaipinda, n'kufufuta mafunso anayi aja pamwamba pa bolodi.

"Lero tiphunzira mtundu wina wa chimangirizo. Nkhani yopeka. Mulembe zimene sizinachitikepo, za anthu amene kulibe. Wolemba zoona ndimupatsa ziro."

Kalasi inadzuka ngati yathiridwa madzi. Wina analemba kuti m'laini mwawo anthu akudandaula za ng'ona imene yatsegula saluni. Wina analemba za agogo amene anameza wotchi ndipo amalira okha sikisi koloko. Kwa masabata awiri katoni inkapita ku ofesi itadzaza ndege zotera pa denga ndi mbuzi zoyankhula m'mitengero. Wailesi yekha ankapereka tsamba loyera, deti pamwamba basi.

Sabata yotsatira, pakati pa madesimo, chitseko chinagogodwa. Ansapato analowa, ana anaimirira kupereka moni, iye anawakhazika ndi dzanja.

"Pitirizani, Madamu. Ndangobwera kudzaphunzira nawo."

Anakakhala kumbuyo, pa desiki ya mwana wa amalume a ku ng'anjo, maondo atagunda thabwa. Anakhala masamu onse. Anakhala sayansi. Sanalembe kanthu, sanayang'ane wotchi. Ana amene ankakonda kucheuka tsiku limenelo makosi anauma. Belu la nthawi yopuma litalira anadikira kuti atuluke onse, n'kubwera kutsogolo.

"Ng'ona ya saluni ija inandiseketsa kwambiri," anatero. "Ndinakawerengera akazi anga. Koma nthano zili teremu yachitatu, Madamu, ndaona m'silabasi. Teremu ino ndi ya zochitika zenizeni." Anatola choko pansi n'kuchiika bwino pa tebulo. "Achimwene anu akuzolowera udindo? Ndimawaganizira. Anthu akhoza kuwachitira zoipa, mukudziwa mmene alili anthu. Pakadali pano kampani ikuwateteza."

Madamu anayamba kusonkhanitsa makope a masamu, iye n'kupitiriza.

"Chaka chamawa phunziroli liyambira Sitandade 4. Tifuna munthu wophunzitsa aphunzitsi ena mmene mumachitira. Mafunso anu anayi aja, ndani, liti... Mwawafufutiranji? Anali abwino."

Anatuluka, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisamveke.

Msonkhano wa makolo wa pakati pa teremu unachitika Loweruka m'mawa, m'kalasi momwemo, makolo atadzipanikiza m'madesiki a ana awo. Madamu anafotokoza za madesimo, za mayeso, za ana obwera opanda zolembera. Kenako anatenga kope la mwana wa dalaivala, limene analisunga m'kabati, analikweza m'mwamba, n'kunena zonse. Ananena za mizere ya pensulo, za katoni ya Lachisanu, za masamba anayi a mwana wa achimwene awo. Anati achimwene awo sanagulitse munthu. Anati ngati pali wofunika kumulavulira, ndi iwo mphunzitsi.

Ankayembekezera phokoso. Ankaganiza kuti wina aimirira, amenya desiki, anena kuti tiyeni tonse ku ofesi. Palibe anaimirira. Bambo wina anayang'ana pawindo, kumene ana ankasewera mpira podikira makolo. Mayi wina anafunsa motsitsa, "La mwana wanga lili ndi mzere?" Atamva kuti inde, anatenga kachikwama kake n'kutuluka. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, osatsanzika, aliyense akupewa maso a mnzake.

Lolemba mwana wina anabwera ndi diso lotupa. Anati anagwa. Mnzake ananena kuti bambo ake anamupeza ataima pafupi ndi chitseko iwo akuyankhula ndi amayi ake. Envulopu ya tsikulo inati: Madzulo kwathu. Madamu analemba mutuwo pa bolodi, popeza ahedi anali ataima pakhomo. Patatha mphindi zisanu zolembera zonse zinali pansi. Anayenda pakati pa madesiki akusuzumira. Kwathu timadya kenako timagona. Kwathu sayankhula. Ndikalowa amasiya. Mwana wina wamng'ono thupi, amene kale ankalemba masamba awiri a nthabwala za bambo ake, analemba kuti: Amayi anati ndizidyera panja.

Madamu sanachotsedwe ntchito. Analandira kalata yowathokoza chifukwa cha zaka khumi ndi zinayi, yowadziwitsanso kuti teremu ikubwerayi akaphunzitsa Sitandade 1, kumene ana sanayambe kulemba ziganizo. Sitandade 6 idzatengedwa ndi mphunzitsi wachitsikana wongotuluka kumene ku koleji, amene anabwera kudzaona kalasi Lachisanu lina, nasangalala kuona kuti ana ali ndi makope okongola chotere. Pa geti la m'malaini panaikidwa mlonda wachiwiri, ndipo anayamba kusecha zikwama za otuluka, ati chifukwa cha kuba.

Lamlungu lomaliza la teremu Madamu anapita kwa achimwene awo masana. M'laini munali zii, ana atakhala m'makonde, zitseko zotseka kumbuyo kwawo. Anthu tsopano ankadziwa kuti wowotcherera sanagulitse anzake, komabe sankabwera. Nyumba imene munatuluka masamba anayi inali yoopsa kuposa ya kazitape. Achimwene anali ataonda, ndipo ankatsokomola chifuwa chouma chimene ankati ndi chimfine.

Mlamu anabweretsa tiyi. Wailesi anali pakona akusita yunifolomu.

"Iwe, kasewere panja," anatero mlamu.

Mwanayo anaimika simbi n'kutuluka. Panja panalibe woti asewere naye. Mlamu anatseka chitseko, anakankha windo lija losatsekeka bwino, n'kutsekapo ndi pilo.

Achimwene anapita kuchipinda, anabwerako ndi chitini cha ndodo zowotcherera. Pansi pake panali pepala lopindidwa kanayi. Inali kalata ija. Inali ndi masaini asanu ndi limodzi, asanu a anthu amene anapita.

"Makumi asanu sakwana," ananong'ona. "Sakwananso. Koma ipite momwemo. Iwe ukupita ku mzinda mawa kukatenga mabuku a Sitandade 1. Uikonze pamene palakwika, ine sukulu ndinaisiyira panjira. Ukaiponye kumeneko, osati pa positi ya kuno."

"Akaidziwa, achimwene, dzina lotsala ndi lanu lokha."

"Ndikudziwa kuwerenga mpaka sikisi." Anatsokomola nthawi yaitali, mlamu akuyang'ana pansi. "Pa geti amasecha zikwama za aphunzitsi?"

"Sabata yatha anayamba."

"Ndiye uona wekha."

Madamu anaiwerenga kalatayo. Inali ndi zolakwika zambiri, koma sanakonze chilichonse. Anaipinda, anavula nsapato ya kumanzere, anaiyala m'kati, n'kuvalanso. Anamwa tiyi wawo mpaka kutha, anatsanzika, n'kutsegula chitseko.

Wailesi sanali pakhonde. Anali atakhala patali, pa mwala wa m'mphepete mwa msewu, atafulatira nyumba, zala zili m'makutu. Madamu anamugwira paphewa. Mwanayo anadzidzimuka, anachotsa zala, maso ake anatsikira pa phazi limene azakhali ake ankaponda mosamala, n'kuwabweza msanga.

"Sindinamve kanthu, azakhali," anatero. "Sindinaonenso kanthu."

"Ndikudziwa, mwanawe. Lowa, yunifolomu ija ikudikira."

Anamuyang'ana mpaka atalowa m'nyumba, kenako anauyamba ulendo wotsika laini yachitatu, pepala likuwakanda kuphazi.